Mbiri ya “Ndikanadziwa” wa Afalansa

Munthu wophunzira Chifalansa, akangodutsa pa malonje ndi mayina a zinthu, amafika pa tsamba lokhala ndi mutu wakuti conditionnel passé. Pansi pa mutuwo pamandandalikidwa mizere isanu ndi umodzi: j’aurais parlé, tu aurais parlé, il aurait parlé, nous aurions parlé, vous auriez parlé, ils auraient parlé. Tanthauzo lake ndi lija timalidziwa tonse, lakuti ndikanayankhula, ukanayankhula, akanayankhula, kunena za chinthu chimene chikanachitika koma sichidachitike. Ophunzira ambiri amangoloweza mizereyi pamtima, poganiza kuti kudali akatswiri ena ku Paris amene adakhala pansi n’kuipanga. Mbiri ikunena zosiyana. Nthawi ya mneni imeneyi idaumbidwa pang’onopang’ono m’kamwa mwa asilikali, alimi, amalonda ndi amayi olera ana, kuchokera ku mneni mmodzi wamba wotanthauza kukhala ndi chinthu. Akatswiri ndi aphunzitsi adabwera patapita zaka mazana ambiri, adaipeza itakhwima kale, adaipatsa dzina n’kuimangira mpanda. Mfundo yanga ndi yakuti wophunzira, ngakhalenso mphunzitsi wake, ayenera kusiyanitsa munda ndi mpanda, chifukwa wodziwa zimene anthu adalima ndi zimene sukulu idamanga amaigwira nthawiyi msanga, ndiponso amatsata malamulo ake mopanda mantha.

Nkhani imayambira ku Roma. Julius Caesar adagonjetsa dera la Gaul, limene mbali yake yaikulu ndi France wa lero, pakati pa zaka za 58 ndi 51 Khristu asanabadwe, ndipo m’mibadwo yotsatira anthu a kumeneko adasiya chiyankhulo cha makolo awo n’kutenga Chilatini. Chilatini cha m’mabuku chidalibe conditionnel. Pofuna kunena za zinthu zimene sizidachitike, chinkagwiritsa ntchito kanenedwe kamene Afalansa amakatcha subjonctif, ndipo mneni ankaoneka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri za chiganizo. Mroma akafuna kunena kuti ndikanadziwa ndikanabwera, ankati si scivissem, venissem. Mathero a aneni awiriwo ndi amodzi. Woyankhula Chichewa sangadabwe nazo, pakuti ifenso timatha kubwereza -kana- kapena -kada- kawiri konse m’chiganizo chotere. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa ikusonyeza kuti lamulo limene ana a sukulu a ku France amalimbana nalo lero, loletsa kubwereza nthawi imodzi mbali zonse ziwiri, silidachokere ku Chilatini ayi. Chilatini chenichenicho chinkabwereza, ndipo palibe ankachiona ngati cholakwa.

Chimene chidasintha zinthu chidali vuto la katchulidwe. Kwa aneni ambiri a Chilatini, nthawi yam’tsogolo inkadalira lemba b, monga mu cantabit, adzayimba, pamene nthawi yakale inkadalira v, monga mu cantavit, adayimba. M’kamwa mwa anthu wamba malemba awiriwa adayamba kumveka mofanana akakhala pakati pa mawu, moti dzulo ndi mawa zidayamba kusokonekera m’khutu. Anthu sadadikire kuti wina awakonzere. Adatenga mneni habere, kukhala ndi, n’kumuika pambuyo pa mneni wamkulu: cantare habeo, ndili ndi kuyimba, kutanthauza kuti ndili woti ndiyimbe. Tertullian, mlembi wachikhristu wa ku Carthage, m’dziko limene lero ndi Tunisia, ankagwiritsa ntchito kamangidwe kotere kawirikawiri m’zolemba zake za cha m’ma 200. M’kupita kwa nthawi mawu awiriwa adamatirirana kukhala liwu limodzi, ndipo m’buku la mbiri lodziwika ndi dzina la Fredegar, la zaka za m’ma 600, muli kale liwu lakuti daras, udzapereka, lochokera ku dare habes. Tsono ngati munthu angathe kunena kuti ndili woti ndiyimbe, angathenso kunena kuti ndidali woti ndiyimbe, cantare habebam. Apa ndi pamene padabadwira chanterais. Kuchoka pa ndidali woti ndiyimbe kufika pa bwenzi ndikuyimba ndi mtunda waufupi, chifukwa zimene munthu adali woti achite nthawi zambiri ndi zimene zimatsala osachitika.

Wina angafunse kuti tikudziwa bwanji zimenezi popeza palibe adajambula mawu a alimi a ku Gaul. Umboni woyamba uli m’Chifalansa momwemo. Mathero a nthawi yam’tsogolo, -ai, -as, -a, -ons, -ez, -ont, ndi mneni avoir, habere wa Chifalansa, wa nthawi yatsopano, pena wathunthu pena wodulidwa mutu. Mathero a conditionnel, -ais, -ais, -ait, -ions, -iez, -aient, ndi mathero omwewo a avais, avait, avions ndi anzake. Umboni wachiwiri uli m’ziyankhulo zapachibale. Chisipanishi chimati cantaría, chochokera ku cantare habebam yemweyo, pamene Chitaliyana chimati canterei ndi canterebbe chifukwa anthu a ku Italy adasankha nthawi ina yakale ya habere. Chipwitikizi, chimene abale athu a ku Tete amachidziwa, chidasunga msoko wake poyera: m’malembedwe aulemu mlowam’malo amatha kulowa pakati penipeni pa liwu, monga mu cantá-lo-ia, kusonyeza kuti kale adali mawu awiri. Umboni wachitatu ukuchokera kutsidya kwa nyanja. Akapolo a ku Saint-Domingue, dziko limene lero ndi Haiti, pomanga chiyankhulo chawo kuchokera ku mawu a Chifalansa, adataya mathero onse a aneni, komabe adapanganso conditionnel wawo, kaliwu kakuti ta, pophatikiza te wosonyeza kale ndi a wosonyeza m’tsogolo. Anthu osaphunzira Chilatini, otalikirana ndi Tertullian zaka zoposa chikwi, adadutsa njira yomweyo: kuika tsogolo m’kati mwa kale.

Zolembedwa zoyambirira za Chifalansa zikugwirizana ndi umboniwu. M’chaka cha 813 msonkhano wa mabishopu ku Tours udalamula kuti maulaliki azimasuliridwa m’chiyankhulo cha anthu wamba, chizindikiro chakuti Chilatini cha m’tchalitchi sichinkamvekanso kwa akhristu. Pa 14 February 842, ku Strasbourg, zidzukulu ziwiri za Charlemagne, Louis ndi Charles, zidalumbirirana kuthandizana polimbana ndi mkulu wawo Lothair. Louis adalumbira m’chiyankhulo cha asilikali a Charles kuti amve okha, ndipo Nithard, amene adalemba mbiri ya nkhondoyo, adasunga mawuwo monga adanenedwera. M’lumbiro limenelo nthawi yam’tsogolo yatsopano ija ikupezeka itamatirirana kale. Patangopita zaka pafupifupi 40, cha m’ma 880, padalembedwa ndakatulo yaifupi ya mizere 29 yonena za Eulalie woyera, imene mpukutu wake ukusungidwa ku Valenciennes. M’menemo muli conditionnel wakale kwambiri amene akudziwika m’Chifalansa, wa mneni wotanthauza kupirira, kholo la soutiendrait wa lero. Zonsezi zidachitika kulibe buku lililonse la malamulo a Chifalansa. Académie française, bungwe loyang’anira chiyankhulochi, lidakhazikitsidwa mu 1635, zaka zoposa 750 pambuyo pake.

Conditionnel passé adafunika kumanga kwachiwiri, ndipo mmisiri wake adali habere yemweyo. Aroma ankatha kunena kuti habeo litteras scriptas, ndili ndi kalata yolembedwa. M’kupita kwa zaka tanthauzo lidasendera kufika pa ndalemba kalata, ndipo uku ndiko kudachokera j’ai écrit ndi nthawi zonse za mawu awiri za Chifalansa. Njira itatseguka chotere, kudali kosavuta kuika mneni wothandizayo m’nthawi ina iliyonse. Je chanterais ndi bwenzi ndikuyimba, j’aurais chanté ndi bwenzi nditayimba. Munthu akanena kuti j’aurais eu, ndikanakhala nacho, amatchula habere katatu osadziwa: kamodzi mu aur-, kachiwiri mu -ais, kachitatu mu eu. Aneni ena, makamaka osonyeza kuyenda kapena kusintha kwa moyo monga aller, venir, partir, naître ndi mourir, pamodzi ndi aneni odzichitira, amathandizidwa ndi être, motero timapeza je serais venu, elles seraient parties, nous nous serions levés. Apa liwu lachiwirilo limagwirizana ndi mwininkhani chifukwa poyamba linkafotokoza mmene munthuyo aliri, monga amachitira mfotokozi. Kugwirizana kwa mu la lettre que j’aurais écrite nakonso ndi chotsalira cha litteras scriptas uja, pamene liwu lakuti yolembedwa linkafotokoza kalatayo. Mlakatuli Clément Marot ndiye adaika mchitidwewu m’mawu a lamulo mu 1538, koma muzu wake udali m’nthaka kalekale.

Nthawi yatsopanoyi siidalande malo tsiku limodzi. Venissem wa Aroma sadafe, adasanduka vinsse, ndipo habuissem adasanduka eusse. Kwa zaka mazana ambiri alembi a Chifalansa chakale ankagwiritsabe ntchito subjonctif ponena za zinthu zakale zimene sizidachitike, ndipo kamangidwe ka masiku ano, ka si j’avais su, je serais venu, kadafalikira mochedwa. M’zaka za m’ma 1600 mitundu iwiriyi inkakhalira limodzi. Blaise Pascal, amene maganizo ake adasindikizidwa mu 1670 iye atamwalira kale, ali ndi chiganizo chotchuka chonena za mphuno ya Cleopatra, chimene chimayamba ndi mtundu wakale n’kumaliza ndi watsopano. Mabuku a sukulu adadzautcha mtundu wakalewo, wa j’eusse aimé ndi il eût aimé, conditionnel passé deuxième forme, ngati kuti ndi mng’ono wake wa j’aurais aimé. Dzinali limasocheretsa, chifukwa wotchedwa wachiwiriyo akuyenda m’njira yakale ija ya Chilatini, ndipo m’maonekedwe ake ndi plus-que-parfait wa subjonctif basi. Lero amapezeka m’mabuku a nthano ndi m’zoyankhula zapamwamba zokha. Apanso amene adagamula mlandu adali anthu oyankhula, amene adamusiya pang’onopang’ono ngakhale alembi otchuka ankamukonda.

Akatswiri atafika, vuto lawo loyamba lidali dzina. John Palsgrave, Mngelezi, adasindikiza buku lalikulu lophunzitsa Chifalansa mu 1530. Mu 1539 mfumu François woyamba adalamula ku Villers-Cotterêts kuti zikalata za milandu ndi za boma zizilembedwa m’Chifalansa, ndipo mu 1550 Louis Meigret adatulutsa galamala yoyamba ya Chifalansa yolembedwa ndi Mfalansa m’chiyankhulo chake. Olemba a nthawi imeneyo ankayeza chiyankhulo chawo ndi muyeso wa Chilatini ndi Chigiriki, ndipo popeza muyesowo udalibe malo a aneni othera ndi -rais, ankawakankhira m’gulu la optatif, kanenedwe ka kulakalaka, kapena m’gulu la subjonctif. Mu 1747 wansembe Gabriel Girard adawatcha suppositif. Dzina lakuti conditionnel, monga kanenedwe koima pakokha, lidakhazikika m’masukulu kudzera m’mabuku ngati kabuku ka wansembe Lhomond ka mu 1780, kamene kadawerenga mitundu isanu ya kanenedwe. Ngakhale kalembedwe kamene timakaona ngati kachikhalire ndi ka posachedwapa. Alembi otchuka Molière ndi Racine ankalemba j’aurois. Katchulidwe kadali katasintha kale, Voltaire adalimbikira kuti kalembedwe katsate khutu, koma Académie française idavomereza -ais m’dikishonale yake ya mu 1835 yokha. Bungwelo lidatsatira anthu m’mbuyo, silidawatsogolere.

Mpanda weniweni udamangidwa ndi sukulu za boma. Mu June 1794 wansembe Henri Grégoire adauza nyumba ya malamulo kuti Afalansa osachepera 6 miliyoni sankadziwa chiyankhulo cha dziko lawo, ndipo oyankhula bwinobwino sankapitirira 3 miliyoni. Lamulo la Guizot la mu 1833 lidakakamiza maboma aang’ono kukhala ndi sukulu za pulayimale, ndipo malamulo a Jules Ferry a mu 1881 ndi 1882 adachititsa maphunzirowa kukhala aulere ndi okakamiza kwa ana a zaka 6 mpaka 13. Ana ambiri ankabwera akuyankhula Chibreton, Chioccitan kapena Chibasque, ndipo mphunzitsi ankayenera kuwaphunzitsa kulemba zimene khutu silimva. Aurais wa ine, aurais wa iwe, aurait wa iye ndi auraient wa iwo amamveka chimodzimodzi, ndipo m’madera ambiri j’aurai, ndidzakhala ndi, sasiyana m’khutu ndi j’aurais. N’chifukwa chake dictée, kulemba zimene mphunzitsi akuwerenga mokweza, idasanduka mtima wa mayeso a certificat d’études, kumene zolakwa zisanu zinkakwana kugwetsa mwana. Galamala ya Noël ndi Chapsal ya mu 1823 ndi buku la kasinthidwe ka aneni la Bescherelle la mu 1842 zidatumikira ntchito yomweyo, moti mpaka lero Mfalansa akati Bescherelle amatanthauza buku la mindandanda ya aneni. Katswiri wa mbiri ya maphunziro André Chervel adasonyeza mu 1977 kuti galamala ya m’sukulu idakonzedwa makamaka pofuna kuphunzitsa kalembedwe. Mizere isanu ndi umodzi ija ndi chida cha mphunzitsi wa dictée, osati chiyambi cha nthawi ya mneniyo.

Pa mpanda wonsewu, chipika chotchuka kwambiri ndi lamulo lakuti pambuyo pa si wongoyerekeza sipabwera conditionnel. Ana amaloweza kuti les si n’aiment pas les rais, kunena kuti si sagwirizana ndi -rais. Cholondola ndi si j’avais su, osati si j’aurais su. Filimu ya Yves Robert ya mu 1962, La Guerre des boutons, idatchuka ndi kamnyamata kamene kamalakwa lamuloli mobwerezabwereza, kakumagwiritsanso ntchito avoir pamene pafunika être, ndipo Afalansa amakumbukirabe mawu ake mpaka lero. Cholakwachi chimamveka ku France, ku Belgium ndi ku Québec, pakati pa ana ndi akuluakulu omwe. Apa pakubuka chitsutso champhamvu: ngati anthu wamba ndiwo adamanga nthawiyi, sukulu ili ndi ufulu wanji wowadzudzula akamafananitsa mbali ziwiri za chiganizo, monga ankachitira Aroma ndiponso monga timachitira ife? Chitsutsochi chili ndi choonadi mbali imodzi. Mwana wonena si j’aurais su si wopusa, akutsata nzeru imene ziyankhulo zambiri zimatsata. Koma tikumbukire kuti kuika nthawi yakale ya indicatif, kanenedwe konena zinthu monga zilili, pambuyo pa si sikudapangidwe ndi aphunzitsi a Jules Ferry. Kudamera m’Chifalansa cha zaka za m’ma 1100, kudakhwima m’zolemba za mibadwo yambiri, ndipo sukulu idangokulimbitsa. Ndiko kumene anthu ochokera ku Dakar, Montréal ndi Kinshasa amagwirizana akamalemberana. Wophunzira alitsate lamulolo monga mlendo amatsatira mwambo wa pamudzi, podziwa kuti ndi mwambo osati chilengedwe, ndiponso kuti lili ndi malire: si wofunsa amalandira conditionnel bwinobwino, monga mu je me demande s’il serait venu, ndikudzifunsa ngati akanabwera.

Umboni wakuti mpanda umasuntha pamene munda uli pomwepo ndi mkangano wakuti conditionnel ndi kanenedwe kapena ndi nthawi chabe. Mndandanda wa boma wa mayina a m’galamala wa mu 1910 udamusiya monga kanenedwe kapadera, ndipo mibadwo ya ana idaphunzira choncho. Mu 1929 Gustave Guillaume adatsutsa, nanena kuti -r- ndi wa nthawi yam’tsogolo ndipo -ais ndi wa nthawi yakale, zonse za indicatif, choncho mwana wobadwa kwa ziwirizi sangakhale wa mtundu wina. Pali ziganizo zimene zimamuikira umboni. Mu il a dit qu’il aurait fini avant midi, adati adzakhala atamaliza isanakwane 12 koloko masana, mulibe ngati aliyense, muli tsogolo loonedwa kuchokera m’mbuyo, ntchito yakale ija ya cantare habebam. Buku lalikulu la Maurice Grevisse, Le Bon Usage, limene lidayamba kutuluka mu 1936, lidasamutsira conditionnel ku indicatif mu 1986 André Goosse atalikonzanso, ndipo mu 2020 unduna wa zamaphunziro wa France udachita chimodzimodzi m’buku lake la mayina a m’galamala. M’zaka zonsezi palibe Mfalansa adasintha kayankhulidwe kake. Chidasintha ndi chikwangwani cha pakhomo.

Tsono n’chifukwa chiyani anthu adavutikira kumanga nthawi yonena zinthu zimene sizidachitike? Ena amati ndi kutaya nthawi, popeza madzi akatayika saoleka. N’zoona kuti saoleka, koma munthu amene satha kunena mmene akanawasungira adzatayanso ena mawa. Ntchito zazikulu za conditionnel passé m’moyo wa tsiku ndi tsiku zili m’timawu tochepa: j’aurais dû, ndikanayenera, mawu a kulapa; tu aurais pu, ukanatha, mawu a chidzudzulo; il aurait fallu, pakanafunika, mawu a wounika zimene zidalakwika; j’aurais voulu, ndikanakonda, mawu aulemu a wopempha. Popanda timawu timeneti palibe kupepesa kwenikweni, ndipo palibe mlandu wa kunyalanyaza umene ungazengedwe, chifukwa woweruza amafunsa ngati ngoziyo ikanachitika woimbidwa mlanduyo akanasamala. Ngakhale olemba mbiri amadalira funso lomwelo poyesa kulemera kwa chifukwa chilichonse. Mu 1836 Louis Geoffroy adalemba buku loyerekeza dziko mmene likanakhalira Napoléon akanapambana ku Russia, ndipo mu 1876 Charles Renouvier adatulutsa buku limene mutu wake, Uchronie, udasanduka dzina la zolemba zonse za mtundu umenewu. Kunena zimene zikanachitika ndi njira yoyezera zimene zidachitika, ndipo anthu adaimanga nthawiyi chifukwa ankafuna kuweruzana ndi kudziweruza okha.

Pali ntchito ina imene wowerenga nyuzipepala za Chifalansa ayenera kuidziwa, chifukwa ikhoza kumusokeretsa. Mtolankhani akalemba kuti l’incendie aurait fait trois morts, sakunena kuti motowo ukanapha anthu atatu. Akunena kuti akuti moto wapha anthu atatu, koma iye sadatsimikize. Uyu ndiye conditionnel wa atolankhani, akuti wa Chifalansa, amene amabisala m’mathero a mneni m’malo moima payekha monga liwu. Otsutsa amati mchitidwewu ndi pobisalira, kuti munthu amafalitsa mphekesera kenako n’kusamba m’manja. Nkhawa yawo ndi yomveka, ndipo malamulo a France adaiona. Ndime 29 ya lamulo la ufulu wa atolankhani la pa 29 July 1881, monga ilili lero, imanena kuti kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu ngakhale nkhaniyo itanenedwa mokayikira. Choncho aurait sateteza wabodza kubwalo la milandu. Koma kugwiritsidwa ntchito molakwika sikuchotsa phindu la chidacho. Chiyankhulo chimene chimapatsa wolemba njira yosiyanitsa zimene waona ndi zimene wangomva chimathandiza chilungamo, bola wolembayo atchule amene wamuuza ndipo wowerenga adziwe kumasulira chizindikirocho.

Chitsutso chomaliza ndi cha wophunzira amene mayeso ali pafupi. Iye angati tsobola wakale sawawa, Tertullian ndi Fredegar sadzabwera pa pepala la mayeso. Sadzabweradi, koma zimene mbiri yawo ikuphunzitsa zidzabwera. Wodziwa kuti nthawiyi ndi zidutswa ziwiri safunika kuloweza mndandanda wa mneni aliyense. Akufunika mizere khumi ndi iwiri yokha, isanu ndi umodzi ya aurais ndi isanu ndi umodzi ya serais, pamodzi ndi liwu lachiwiri lija, participe passé, limene adaliphunzira kale pa passé composé, nthawi ya j’ai écrit. Wodziwa kuti -ais adachokera ku avais sasokoneza j’aurai fini, ndidzakhala nditamaliza, ndi j’aurais fini, bwenzi nditamaliza, ngakhale khutu litamunamiza, ndipo akakayika amayesa kuika il m’malo mwa je kuti amve kusiyana kwa aura ndi aurait. Wodziwa kuti liwu lachiwiri lidali mfotokozi amamvetsa chifukwa chake elle serait venue ali ndi e kumapeto. Akakumana ndi il eût aimé m’buku la Flaubert kapena la Proust sachita mantha, amazindikira kuti ndi njira yakale yonenera il aurait aimé. Kuloweza kopanda chifukwa kumatha mayeso akangotha, pamene chinthu chimene munthu wamvetsa gwero lake chimakhala naye.

Lero Chifalansa chidachoka kale m’manja mwa France yekha. Bungwe la mayiko oyankhula chiyankhulochi lidawerengera anthu 321 miliyoni mu 2022, ndipo ambiri mwa amene amachiyankhula tsiku ndi tsiku ali mu Africa, kontinenti imene Tertullian ankalembera cantare habere wa nthawi yake. Mphunzitsi wa Chifalansa amene ali ndi ana oyankhula Chichewa ali ndi mwayi umene aphunzitsi a Jules Ferry adaukana, wa kuyambira pa chiyankhulo cha kunyumba. Ana ake amadziwa kale ndikanadziwa, amadziwa bwenzi nditabwera, amadziwa akuti. Alembe pabolodi ndikanadziwa, bwenzi nditabwera, pansi pake alembe si j’avais su, je serais venu, ndipo ana adzaona okha kuti mbali ziwiri za chiganizo zikhoza kusiyana maonekedwe monga zimasiyanirana kwathu. Awauze kuti chimene akuphunziracho chidamangidwa ndi anthu wamba onga makolo awo, ndipo malamulo ake ndi mgwirizano woyenera kuusunga polemba. Aphunzitsi, yambani ndi munda, mpanda ubwere pambuyo, monga zidayendera m’mbiri ya chiyankhulocho.